Foni ikulira koma mawu sakumveka: kalumikizidwe ka mafoni a pa desiki oyendera intaneti

Sabata silitha popanda wina kundifunsa funso lomweli: "Foni ija tailumikiza, ikulira bwinobwino, woimbayo akundimva, koma ine sindikumva kalikonse. Kodi ndi yowonongeka?" Kawirikawiri foniyo ilibe mlandu. Ndaganiza zongolemba zonse kamodzi, kuyambira pa waya wa pakhoma mpaka pa foni ya mnzanu amene amagwirira ntchito kunyumba, kuti wofunsa wotsatira ndidzangomutumizira izi.

Musanagwire waya uliwonse mumvetse chinthu chimodzi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Foni ya intaneti imayenda njira ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi SIP, yonyamula timauthenga toti "ndilipo", "ndikuimba", "ndayankha", "ndadula". Malamulo ake analembedwa mu RFC 3261 m'chaka cha 2002, ndipo imadutsira pa port 5060, kapena 5061 ikakhala yobisidwa ndi TLS, njira yobisira uthenga kuti wina panjira asauwerenge. Port ndi khomo la nambala pa netiweki, ndiye muno ndizingoti khomo. Yachiwiri ndi RTP, yonyamula mawu enieniwo m'timapaketi 50 pa sekondi iliyonse, ndipo makomo ake amasankhidwa pomwepo mukamaimba. Choncho pa sikirini pakaoneka mawu oti Registered, mwangodziwa kuti SIP yadutsa. Za mawu simunadziwebe kanthu.

1. Sankhani komwe kudzakhale PBX

PBX ndi imene imayendetsa mafoni onse a pa ofesi. Ndi yomwe imadziwa kuti 101 ndi foni ya polandirira alendo, 104 ndi ya woona za ndalama, imapititsa woimba kwa woyenera ndi kusunga mauthenga a mawu. Tinambala tam'kati timeneti ndi timene anthu amati extension. Mutha kubwereka PBX ya kampani ina yomwe ili pa intaneti, kapena kukhala ndi yanuyanu pa kabokosi ka mu ofesi: Asterisk, yomwe Mark Spencer anayamba kulemba mu 1999, FreePBX yomwe imakhala pamwamba pa Asterisk kuti muziiyendetsa pa browser, kapena 3CX. Mukasankha yanu mudzafunanso SIP trunk, mzere wochokera ku kampani ya mafoni umene umakupatsani nambala yakunja.

Maganizo anga ndi akuti ngati pa ofesi palibe munthu wodziwa netiweki, ndipo ena mwa antchito ali kunyumba, tengani ya pa intaneti. Chifukwa chake muchiona pa sitepe 6.

Mafoni a Yealink, Grandstream, Poly, Fanvil ndi Snom onse amalankhula SIP, koma funsani kaye kampani ya PBX mitundu imene imathandiza musanagule. Chenjerani ndi ogwiritsidwa kale ntchito. Ena a Cisco amabwera ndi firmware, pulogalamu ya m'kati mwa foni, yongomvana ndi makina a Cisco okha, ndipo ena anamangiriridwa kwa mwini wakale, moti mukawafufuta amathamangira komweko kukatenganso masetingi akale.

2. Yesani intaneti, koma osangoyang'ana liwiro

Foni simadya intaneti yambiri. Codec ndi njira imene foni imasandutsira mawu kukhala manambala. Yodziwika kwambiri, G.711, imatenga 64 kbps, ndipo tikawonjezera zokutira mapaketi imafika pafupifupi 87 kbps mbali iliyonse. Anthu 10 olankhula nthawi imodzi safika n'komwe pa 1 Mbps. Werengerani anthu amene angalankhule nthawi imodzi, osati chiwerengero cha mafoni, ndipo yang'anani liwiro lotumizira, chifukwa ndi lomwe limakhala lochepa.

Zimene zimaononga mawu ndi zitatu. Kuchedwa: muyezo wa ITU wotchedwa G.114 umati mbali imodzi isapitirire 150 ms (ms ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi), chifukwa kupitirira apo anthu amayamba kudulana mawu. Jitter, kutanthauza mapaketi kufika mosalongosoka, ena msanga ena mochedwa: ikhale pansi pa 30 ms. Kutayika kwa mapaketi: kusafike pa 1 pa 100 aliwonse. Tsamba la pa intaneti likataya paketi limangoipemphanso, inu osadziwa. Mawu sapemphedwanso, amangodumpha.

Yesani chonchi. Pa kompyuta ya Windows lembani ping -n 200 kenako dzina la seva ya PBX. Chitani zimenezi masana ofesi itadzaza, osati m'mawa musanafike anthu. Ping ili m'kati, tumizani fayilo yaikulu pa intaneti. Nambala zikadumpha kuchoka pa 40 ms kufika pa 600 ms, rauta yanu imaunjika mapaketi pamzere, ndipo mawu adzaduka nthawi iliyonse wina akatumiza zithunzi. Mankhwala ake ali kumapeto kwa sitepe 6. Kumbukirani kuti ping imaonetsa ulendo wopita ndi wobwera pamodzi.

3. Mawaya ndi magetsi

Foni ya pa desiki ilumikizidwe ndi waya, Cat5e kapena Cat6, wosapitirira mamita 100 kuchokera pa switch, bokosi lomwe mawaya a netiweki amakumanapo. Ngati mafoni apitirira atatu kapena anayi, pezani switch ya PoE, yomwe imatumiza magetsi m'waya wa netiweki momwemo. Muyezo wa 802.3af wa mu 2003 umapereka mpaka 15.4 W pa khomo lililonse, ndipo foni wamba simafika n'komwe pamenepo. Koma onani mphamvu yonse ya switch, chifukwa kukhala ndi makomo 24 sikutanthauza kuti ingadyetse onse 24 mokwanira. Ikalemedwa, mafoni ena amangozima ndi kuyakanso okha, inu n'kumaganiza kuti ndi firmware.

Ubwino wina wa PoE ndi wakuti UPS imodzi, bokosi la batire, yosunga switch, rauta ndi kabokosi ka intaneti imasunga mafoni onse magetsi akazima. Foni yakale ya landline inkalandira magetsi kuchokera ku kampani ya mafoni. Iyi ayi.

Tembenuzani foniyo. Kumbuyo kuli mabowo awiri ofanana, lina lolembedwa Internet kapena LAN, lina PC. Waya wa pakhoma ulowe pa Internet. Bowo la PC ndi la kompyuta, kuti desiki imodzi igwiritse ntchito waya umodzi. Pa ofesi ina ndinapeza netiweki yonse itaima, timagetsi ta pa switch tikuphethira limodzi ngati tapangana. Titafufuza desiki ndi desiki tinapeza kuti wina pokonza malo anaona waya ukulendewera, n'kuulowetsa pa bowo la PC, pomwe mbali inayo unali wa pakhoma. Mapaketi ankangozungulira pamenepo mpaka zonse kudzaza.

4. Yambani ndi foni imodzi yokha

Musatsegule makatoni onse. Lumikizani imodzi, idikireni iyake, ndipo pezani adiresi yake ya IP. Pa Yealink mumangodina batani la OK, pa ena mumapita ku Status. Mukaona adiresi yoyamba ndi 169.254, kapena 0.0.0.0, foniyo sinapatsidwe adiresi ndi rauta. Vuto ndi waya kapena DHCP, njira imene rauta imagawira maadiresi, ndipo palibe chifukwa chopitirira.

Lembani adiresiyo pa browser ya kompyuta yomwe ili pa netiweki yomweyo. Mafoni ambiri akale amalowedwa ndi admin ndi admin, pomwe ena atsopano amakhala ndi pasiwedi pa kasitika kakumbuyo. Isintheni nthawi yomweyo, ikani firmware yatsopano, ndipo konzani nthawi kuti foni izitenga pa NTP, seva yopereka nthawi pa netiweki. Nthawi yolakwika imaoneka ngati nkhani yaing'ono, koma imakanitsa TLS, chifukwa foni imaona ngati satifiketi ya seva sinayambe kugwira ntchito kapena inatha kale.

5. Lowetsani akaunti ya SIP

Kampani kapena PBX yanu ikupatsani zinthu zinayi: dzina la seva, nambala ya extension, dzina lotsimikizira, ndi pasiwedi. Anthu amagwa pa chachitatu. Pa foni pali bokosi la User Name ndi lina la Register Name kapena Authentication ID. Pa ma PBX ena zonse ziwiri ndi nambala ya extension, pa ena dzina lotsimikizira ndi zilembo zosakanikirana zosiyana kotheratu ndi nambalayo. Label ndi Display Name ndi zongooneka pa sikirini, lembani zomwe mukufuna. Mukapatsidwa Outbound Proxy ilowetseni, mukapanda kupatsidwa siyani bokosilo lopanda kanthu. Pokopera pasiwedi onetsetsani kuti simunatengere mpata wa kumapeto.

Ikakana kulembetsa, werengani nambala ya yankho m'malo molota. 401 yoonekera kamodzi si vuto, ndi seva ikufunsa pasiwedi, koma ikamabwerezabwereza ndiye kuti dzina lotsimikizira kapena pasiwedi ndi yolakwika. 403 ndi seva ikukukanani, mwina chifukwa mwayesa kambiri ndipo yatsekera adiresi yanu. 404 ndi nambala yomwe seva siikuidziwa. 408 ndi chete, uthenga sunafike kapena yankho silinabwerere, ndiye yang'anani DNS, yomwe imasandutsa dzina la seva kukhala adiresi, ndi firewall, yomwe imalola kapena kutsekereza mapaketi. Poimba mukalandira 488, mbali ziwirizo sizinagwirizane codec. Yatsani G.722 kuti mawu am'kati azimveka bwino, ndi G.711 yonse iwiri: PCMA yomwe maiko ambiri amagwiritsa ntchito, ndi PCMU ya ku North America ndi Japan.

6. Rauta: pamene ambiri amagwira njakata

Malangizo ambiri amafika apa n'kungoti "onetsetsani kuti firewall ikulola", basi. Tiyeni tikhalepo.

Ofesi yanu ili ndi adiresi imodzi yokha yooneka kunja. M'kati, chipangizo chilichonse chili ndi adiresi yam'nyumba monga 192.168.1.23, yomwe pa intaneti ilibe tanthauzo, chifukwa maofesi ndi nyumba zosawerengeka zikugwiritsa ntchito nambala yomweyo. Rauta imachita ngati mlonda wa pa geti wokhala ndi kaundula. Paketi ikamatuluka amafufuta adiresi yam'nyumba pa envelopu, amalembapo yakunja, n'kulemba m'kaundula kuti yankho la pa khomo lakuti ndi la uje. Paketi yobwera yomwe mulibe m'kaundula amaitaya. Imeneyi ndiyo NAT.

Vuto la SIP ndi lakuti foni imalembanso adiresi yake m'kati mwa kalata, osati pa envelopu pokha. Imauza mnzake kuti "mawu obwera kwa ine uwatumize ku 192.168.1.23, khomo 11780". Mlonda wasintha envelopu, kalatayo sanaikhudze. Mbali inayo ikangomvera zomwe zalembedwa m'kalata, imatumiza mawu ku adiresi yomwe kunja kulibe. Anu akutuluka bwinobwino, ndiye akukumvani. Awo akusochera. Funso lija ndinayamba nalo, yankho lake ndi limeneli.

Maseva abwino anaphunzira kusakhulupirira kalatayo. Amadikira paketi yoyamba ya mawu anu, amaona komwe yachokeradi, n'kubweza mawu komweko. N'chifukwa chake PBX ya pa intaneti nthawi zambiri imangogwira ntchito popanda inu kutsegula khomo lililonse, bola pasakhale wina wosokoneza panjira. Wosokonezayo ndi SIP ALG.

SIP ALG inaikidwa m'marauta kuti izithandiza. Imatsegula kalata ija n'kusintha adiresi yam'kati. Koma pa marauta ambiri imasintha mwatheka, mzere wina yasintha wina yausiya, ndipo seva yomwe ikanakonza vutolo yokha imasokonezeka. Ine ndinatayapo masana athunthu ndikusintha mafoni, mawaya ndi ma codec, pomwe chofunika chinali kuchotsa kachizindikiro kamodzi pa tsamba la rauta. Choncho chitani izi motsatana.

Poyamba zimitsani SIP ALG. Imabisala pa mayina osiyanasiyana: SIP ALG, SIP Helper, SIP Passthrough, SIP Inspection, SIP Transformations. Ifufuzeni pansi pa NAT, Firewall, WAN kapena Advanced. Pa MikroTik ili ku IP, Firewall, Service Ports, pa mzere wa sip. Mukazimitsa, zimitsani ndi kuyatsanso rauta ndi mafoni, chifukwa kaundula wakale amakhala adakalipo ndipo mungaganize kuti sizinathandize.

Marauta ena obwera ndi kampani ya intaneti sakupatsani batani limenelo. Musalimbane nawo. Sinthani Transport pa foni kukhala TLS, khomo 5061, ngati seva yanu ikulola. ALG singasinthe kalata yomwe singathe kuiwerenga.

Kenako nkhani ya kuiwala. Mlonda uja sasunga mzere wa UDP, njira yomwe mafoni ambiri amatumizira SIP, m'kaundula mpaka kalekale. Marauta ena amaufufuta patangopita masekondi 30 kuli chete, pomwe mafoni ambiri amabwera atakonzedwa kuti azilembetsanso pakatha masekondi 3600. Pakati pamenepo foni imaonetsabe Registered, kuimba kunja kukutheka, koma okuimbirani akungogwera pa uthenga wa mawu. Chizindikiro chake ndi chakuti mukangoyatsa foni imalandira, pakapita mphindi zingapo yasiya. Yatsani Keep Alive, kauthenga kobwerezabwereza kokumbutsa mlondayo, pa masekondi 20 mpaka 25, tsitsani nthawi yolembetsanso kufika pa 120 kapena pomwe kampani yanu ikulola, kapena samukirani ku TCP kapena TLS, zomwe rauta imazikumbukira nthawi yaitali.

Ngati PBX ili mu ofesi mwanu, ntchito imachuluka, chifukwa tsopano seva nayo ili kuseri kwa mlonda. Iuzeni adiresi yake yakunja ndi manetiweki am'kati. Pa FreePBX zili ku Asterisk SIP Settings, mabokosi a External Address ndi Local Networks. Lozetsani makomo a RTP kwa PBX, omwe pa Asterisk amakhala UDP 10000 mpaka 20000 mukapanda kusintha. Otsegula 5060 yokha ndi amene amakhala ndi foni yolira koma yosalankhula. Zimitsaninso Direct Media pa mafoni akutali kuti mawu azidutsira pa PBX, asamayese kupita okha kuchoka pa foni kupita pa foni. Mudzafuna adiresi yakunja yosasintha, apo ayi tsiku lomwe kampani ya intaneti idzaisinthe zonse zidzaima.

Pali chizindikiro china chomwe ndimachikonda chifukwa sichinama. Kukambirana kukamaduka pa masekondi 30 kapena 32 nthawi zonse, si intaneti yofooka. Foni ikayankhidwa, woimba amayenera kutumiza kauthenga kotchedwa ACK. Kakasochera chifukwa cha adiresi yolakwika, mbali inayo imadikira ka 64 kuchulukitsa ndi theka la sekondi, omwe ndi masekondi 32, n'kudula. Bwererani ku ALG ndi ku External Address. Kukamaduka pa mphindi 15 kapena 30 zenizeni, ndi session timer: uthenga wofunsa ngati mudakali pa foni sukufika.

Onaninso ngati muli ndi alonda awiri. Zimachitika kabokosi ka kampani ya intaneti kakamachita NAT, inu n'kulumikizaponso rauta yanu yomwe ikuchitanso NAT. Tsegulani tsamba la rauta yanu muone adiresi ya WAN, ya mbali yoyang'ana kunja. Ikayamba ndi 192.168 kapena 10, pali wina patsogolo pake, ndiye ikani kabokosi koyambako pa bridge mode kuti kasiye kuchita NAT. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli pa CGNAT, kutanthauza kuti kampani yokupatsani intaneti ikukugawanitsani adiresi imodzi ndi makasitomala ena. Zimenezi n'zofala pa intaneti ya 4G ndi 5G. Pamenepo simungatsegule khomo lililonse lolowera, ndiye PBX ya mu ofesi singafikiridwe ndi akutali pokhapokha mupemphe adiresi yanuyanu kapena mudutsire pa VPN, njira yobisika yolumikiza akutali ndi netiweki ya ofesi. Mafoni olankhula ndi PBX ya pa intaneti amagwirabe ntchito, makamaka pa TLS ndi Keep Alive.

Musaike foni pa DMZ, seting'i ya rauta yomwe imalozetsa zonse zobwera kuchokera kunja ku chipangizo chimodzi, ndipo musalozetse 5060 ku foni ya pa desiki. Zimaoneka ngati zakonza vuto lero, koma mwaiika foniyo pamsewu.

Chotsalira ndi mzere uja wa pa sitepe 2. Mafoni amaika chizindikiro cha DSCP 46, chotchedwanso EF, pa mapaketi a mawu, ndipo switch ndi rauta yanu zitha kuuzidwa kuti ziziwatsogoza. Chizindikirocho chimalemekezedwa m'kati mwanu, pa intaneti yakunja musachidalire. Chothandiza kwambiri ndi SQM, seting'i yoyendetsa mzere wa mapaketi, kapena kuika malire pa rauta: iuzeni kuti liwiro lanu ndi lochepera pang'ono pa lenileni, monga magawo 90 pa 100, kuti mzere uzipangika pa rauta yanu pomwe muli ndi ulamuliro. Mafoni akachuluka, apatseni VLAN yawoyawo, kutanthauza gawo lawolawo la netiweki, ndipo seting'i ya LLDP-MED pa switch imawalozera okha kumeneko.

7. Tsopano mafoni ena onse

Yoyamba ikagwira ntchito mbali zonse, enawo musawalembe pamanja. Foni iliyonse ili ndi adiresi ya MAC, zilembo ndi manambala 12 pa kasitika kakumbuyo. Mumailowetsa pa PBX pamodzi ndi extension, ndipo foni ikayaka imakatenga yokha fayilo ya masetingi ake. Izi ndi zomwe amati provisioning. Mu ofesi foni imauzidwa komwe kuli fayiloyo kudzera pa DHCP option 66. Kunja kwa ofesi opanga mafoni ali ndi maseva olozera, omwe amaona MAC n'kuitumiza foniyo kwa kampani yanu. Gwiritsani ntchito HTTPS, chifukwa m'mafayilomo muli mapasiwedi.

Mukayatsa provisioning, chilichonse chomwe mungasinthe pamanja pa tsamba la foni chikhoza kufufutika ikakatenganso fayilo. Mukaona seting'i yomwe munakonza dzulo yabwerera mwakale, musaganize za mizimu. Sinthani pa template.

8. Ogwirira ntchito kunyumba

Apa rauta si yanu, ndipo simukuiona. Foni musanaitumize iyeseni pa intaneti ina, osati ya mu ofesi, chifukwa pa netiweki ya ofesi pafupifupi chilichonse chimagwira ntchito. Ikani m'katoni adaputa ya magetsi. Mafoni ambiri amagulitsidwa opanda adaputa, ndipo kunyumba kulibe PoE. Ikaninso waya wautali wokwanira kufika pa rauta. Wi-Fi imatheka pa mafoni ena, koma jitter yake imasintha malinga ndi makoma ndi ma netiweki a oyandikana nawo, ndipo wodandaula adzakhala kasitomala.

Kwa onse akutali ikani TLS ndi SRTP kuyambira tsiku loyamba. TLS imabisa SIP ndipo imakuchotserani mutu wa ALG pa marauta omwe simudzawagwira, SRTP imabisa mawu. Ngati PBX ili ku ofesi, mafoni ambiri ali ndi OpenVPN m'kati, ndipo 3CX ili ndi pulogalamu yake yotchedwa SBC yomwe imadutsitsa SIP ndi mawu pa njira imodzi. Mafoni awiri akakhala m'nyumba imodzi pa UDP, wina n'kumalira m'malo mwa mnzake, apatseni Local SIP Port zosiyana, monga 5062 ndi 5064. Konzaninso time zone ya komwe munthuyo ali.

Nkhani yomwe imaiwalika ndi ya nambala zangozi. Foni ya intaneti simadziwa komwe yaikidwa. Wantchito akaimbira ozimitsa moto kapena ambulansi ali kunyumba, kuimbako kungapite kwa a dera la ofesi, kapena kusadutsa n'komwe. Funsani kampani yanu momwe imachitira ndi nambala zangozi, lembetsani malo a munthu aliyense ngati imalola, ndipo muuzeni wantchitoyo momveka kuti pangozi agwiritse ntchito foni yam'manja.

9. Akuba

Pa intaneti pali mapulogalamu omwe usiku ndi usana amagogoda pa khomo 5060 la adiresi iliyonse. Akapeza extension ya pasiwedi yofooka amalembetsa ngati inu, n'kuimba nambala zodula zakunja zomwe iwo amapezapo phindu. Amakonda kumapeto kwa sabata pomwe palibe woyang'ana. Pasiwedi ya SIP simuiloweza pamtima, imakhala m'foni, ndiye ipangeni yaitali ndi yosakanikirana. Kuika 101 ngati pasiwedi ya extension 101 ndi kusiya chitseko chotsegula. Tsekani kuimba kunja kwa dziko kwa onse osafunikira, pemphani kampani ya trunk iike malire a ndalama pa tsiku, ndipo pa PBX yanu yatsani fail2ban, pulogalamu yotsekera maadiresi olakwitsa pasiwedi kambirimbiri, ndi kulola 5060 kwa maadiresi odziwika okha.

Foni ikamalira pakati pa usiku ikuonetsa 100 kapena 1000, mukayankha kuli zii, ndi omwewo akufufuza. Sanadutsire pa PBX, agogoda pa foni mwachindunji. Yatsani seting'i yoti foni izimvera seva yake yokha. Pa Yealink imatchedwa Accept SIP Trust Server Only.

10. Yesani musananene kuti mwamaliza

Pa FreePBX imbani *43, mudzimve nokha mawu anu akubwerera. Ndi njira yachangu yoonera ngati RTP ikupita ndi kubwera. Kenako imbani foni yam'manja ndipo nonse awiri mulankhule. Isiyeni foni ya pa desiki mphindi 10 osaigwira, ndiyeno iimbireni kuchokera kunja. Kumeneko ndiye kuyesa Keep Alive. Khalani pa foni kupitirira miniti imodzi, ndipo kamodzi khalanipo kupitirira mphindi 30. Dinani Hold n'kubwereranso, chifukwa mawu ena amasowa pobwerera. Pititsani woimba kwa mnzanu wa mu ofesi, kenako kwa wa kunyumba. Imbani nambala yomwe imati "dinani 1" muone ngati ikumva mabatani anu. Ikapanda kumva, ikani DTMF, seting'i ya kamvekedwe ka mabatani, pa RFC 2833, yomwe mafoni ena amailemba RFC 4733. Tumizani fayilo yaikulu muli pa foni. Pomaliza zulani pulagi ya pakhoma muone ngati UPS ikugwiradi.

Zonsezi zibwerezeni pa foni ya munthu aliyense wa kunyumba, iye ali pa desiki yake, chifukwa rauta iliyonse ili ndi khalidwe lake. Mukamayesa, lembani pa pepala limodzi extension, MAC, dzina la mwini desiki, khomo la pa switch ndi mtundu wa rauta ya kunyumba, ndipo kope lina mulimate m'kati mwa chitseko cha kabati ya switch.